Kuyeza kuwala kunyumba ndi tsitsi limodzi, CD yakale ndi tinyale ta LED

Ana ambiri asukulu amaloweza chiganizo chakuti kuwala ndi mafunde komanso ndi tizidutswa, n'kukachilemba pa mayeso, n'kukhoza. Koma mukamufunsa mwanayo kuti unaona chiyani chimene chinakukhutiritsa kuti zimenezi n'zoona, amangoyang'ana pansi. Mlandu si wake. Phunziroli limaperekedwa ndi choko basi, ndipo chifukwa chake amati kulibe labotale. Ine chifukwa chimenecho sindichivomereza, pakuti zipangizo zoonetsera khalidwe la kuwala zili pamsika, zina zili m'nyumba mwathu momwemu, china chili pamutu panu. Malangizo awa ndi a mphunzitsi, kholo kapena wophunzira amene akufuna kuona yekha ndi kuyeza yekha. Mukatsatira mpaka kumapeto mudzakhala ndi manambala awiri opezeka m'njira zosiyana kotheratu, ina ya mafunde ina ya tizidutswa, ndipo mudzaona akugwirizana.

Zoti musonkhanitse

Choyamba ndi katochi ka laser yofiira, kaja amagulitsa pamodzi ndi mphete ya makiyi. Yang'anani kapepala komatidwa pambali pake: nthawi zambiri pamalembedwa 650 nm, ndipo nambala imeneyo tiigwiritsa ntchito. Zilembo nm zikuimira nanomita. Mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000,000, chigawo chimodzi ndicho nanomita. Pezaninso CD yakale, katoni, selotepi, mapegi a zovala, tepi ya telala, rula, malezala awiri atsopano, kandulo kapena koloboyi, kachidutswa ka galasi, ndi beseni.

Pa mbali ya tizidutswa mufunika chinthu chowala chokha mumdima. Korona ya pulasitiki ija imawala usiku ndi yabwino kwambiri, kapena wotchi ya mivi yowala, kapena tinyenyezi tomata kudenga. Mufunikanso tinyale ta LED, kofiira ndi kabuluu, mabatire awiri a 1.5 V, resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) ya ma ohm 100 kapena kupitirirapo, chopotokola cha voliyumu chochokera mu wailesi yakufa, ndi multimeter, chida choyezera magetsi. Zonsezi okonza mawailesi ndi mafoni amakhala nazo, ndipo multimeter mukhoza kungobwereka.

Mawu amodzi okhudza maso, ndipo musawapeputse. Laser isalunjike m'diso la munthu kapena la chiweto, ngakhale kwa kanthawi kochepa, ndipo kumbukirani kuti CD ndi galasi zimaibweza kumene simukuyembekeza. Sankhani yolembedwa kuti mphamvu yake siposa 1 mW, ndiko kuti watt imodzi kugawa ndi 1,000. Ma laser obiriwira otchipa apeweni, chifukwa ambiri amakhala amphamvu kuposa zimene zalembedwa. Ana aime kumbuyo kwa wogwira laser, ndipo wina asaweramire kuti aone bwino.

Yambani ndi madzi

Thirani madzi pang'ono m'beseni, adikhe. Gundani pamwamba pa madziwo ndi zala ziwiri nthawi imodzi, zotalikirana ngati masentimita 5, mobwerezabwereza. Chala chilichonse chikutulutsa mafunde ozungulira, ndipo pamene akumana muona mizere ina madzi akuvina kwambiri, mizere ina ali pafupifupi phee. Pamene nsonga ya funde yakumana ndi nsonga inzake, zimaonjezerana. Pamene nsonga yakumana ndi chigwa cha funde lina, zimafafanizana. Gwirani mfundo imeneyi: mafunde awiri akhoza kukumana n'kupanga bata. Mtunda wochoka pa nsonga imodzi kufika pa yotsatira ndiwo timautcha kutalika kwa funde. Musachedwepo apa, mphindi zochepa zikwanira.

Tsitsi

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni. Chitani usiku kapena m'chipinda chotchinga mawindo.

1. Dulani katoni kakang'ono ngati chikhatho, mubowole pakati kawindo ka masentimita awiri mbali zonse.
2. Tengani tsitsi limodzi, mulikoke liwongoke, mulimate ndi selotepi pamwamba ndi pansi pa kawindoko kuti liime chilili. Tsitsi lathu lopotanali limavuta pang'ono kuwongola, choncho matani mbali imodzi kaye, kokani mosamala, kenako matani inayo. Ulusi wa mesh kapena kawaya kamodzi kochokera m'chingwe cha chaja kamagwiranso ntchito.
3. Imikani katoniko ndi mapegi patebulo. Laser muiike pa mabuku, masentimita ochepa kumbuyo kwake, ndipo batani lake mulipane ndi pegi kuti iziyaka yokha. M'manja musaigwire, dzanja limanjenjemera.
4. Khoma likhale mamita atatu kuchoka pa tsitsilo. Yezani ndi tepi, musangoyerekeza ndi mapazi. Matani pepala loyera pakhomapo.
5. Sunthani katoni pang'onopang'ono mpaka kuwala kugunde tsitsi pakati penipeni.

Musanayang'ane kukhoma, funsani amene muli nawo kuti akuyembekeza kuona chiyani. Ambiri adzati kadontho kofiira kodulidwa pakati ndi mthunzi wa tsitsi. Ndi yankho lanzeru, ndipo likanakhala loona kuwala kukanakhala timibulu tongouluka molunjika. Zimene muone n'zina. Kadontho kapakati kalipo, koma kumanja ndi kumanzere kwake kwatambasuka mzere wa timizere tofiira todukizadukiza: kuwala, mdima, kuwala, mdima, tikunka tizilala kumapeto. Tsitsi laima chilili, koma mzerewo wagona chopingasa.

Chachitika n'chija munaona m'beseni. Kuwala kwadutsa mbali zonse ziwiri za tsitsi, kwakhotera kuseri kwake, n'kumwazika. Pofika pakhoma, mafunde ochokera mbali zosiyana ayenda mitunda yosiyana pang'ono. Pena afika nsonga ndi nsonga, ndipo pawala. Pena afika nsonga ndi chigwa, ndipo pada. Malo akudawo ndiwo umboni waukulu. Kuwala kwafikapo ndithu, kochokera mbali ziwiri, koma kuwala kuphatikiza kuwala kwabala mdima.

Tsopano yezani. Ndi pensulo, chongani pakati pa malo akuda aliwonse kumbali imodzi, asanu kapena asanu ndi limodzi motsatizana. Yatsani nyale, muyeze kuchoka pa chizindikiro choyamba kufika pa chomaliza, mugawe ndi chiwerengero cha mipata. Kuyeza mpata umodzi wokha kumanamiza, chifukwa m'mphepete mwa timizereti simuoneka bwino. Gawo lowala lapakati musaliwerengere, ndi lotambalala kawiri kuposa enawo.

Masamu ake ndi awa, zonse m'mamilimita. Kutalika kwa funde kuchulukitsa ndi mtunda wa kukhoma, kugawa ndi mpata wa pakati pa malo akuda, yankho ndi kunenepa kwa tsitsi. Funde la 650 nm ndi mamilimita 0.00065. Kuchulukitsa ndi 3,000 tipeza 1.95. Tiyerekeze kuti mpata wanu ndi mamilimita 28: 1.95 kugawa ndi 28 ndi 0.07. Tsitsilo ndi lonenepa mamilimita 0.07, ndipo mwaliyeza ndi rula wamba amene sangathe n'komwe kuliona. Tsitsi la anthu ambiri limagwera pakati pa 0.05 ndi 0.1, choncho mukapeza 0.7 kapena 0.007 bwererani ku masamu, mwasochera pa kadontho.

Kenako sinthani tsitsi ndi chinthu chonenepa pang'ono, monga kawaya. Timizere tifupikirana. Ikani chopyapyala kuposa tsitsi, titalikirana. Anthu zimawadabwitsa chifukwa amaganiza kuti chachikulu chipanga chithunzi chachikulu, koma mafunde amamwazika kwambiri akakumana ndi chinthu chaching'ono. N'chifukwa chakenso tsiku ndi tsiku sitiona kuwala kukukhota pa ngodya ya nyumba: nyumba ndi yaikulu zedi poyerekeza ndi funde losafika milimita imodzi kugawa ndi 1,000.

Zimene mwachitazi n'zofanana kwambiri ndi zimene Thomas Young, dokotala wa ku England, anafotokozera bungwe la Royal Society ku London mu November 1803. Iye analibe laser. Analowetsa kuwala kwa dzuwa pa kabowo kakang'ono ka pawindo, n'kuikapo kachidutswa ka khadi kosafika milimita imodzi m'lifupi, ndipo anaona timizere mkati mwa mthunzi wake. Atatchinga kuwala kwa mbali imodzi ya khadilo, timizereto tinazimiririka. Nthawi imeneyo ku England kunkalamulira maganizo a Isaac Newton, amene m'buku lake la Opticks la 1704 ankaona kuwala ngati timibulu, ndipo zimene Christiaan Huygens wa ku Holland anasindikiza mu 1690 zakuti kuwala ndi mafunde zinali zitaikidwa pambali. Young ananyozedwa. Zinthu zinatembenuka ku Paris cha mu 1818, Augustin Fresnel atapereka masamu a mafunde a kuwala. Siméon Poisson, pofuna kumugwetsa, anawerengetsa kuti ngati masamuwo ndi oona, ndiye kuti pakati penipeni pa mthunzi wa chinthu chozungulira payenera kukhala kadontho kowala, zimene ankaziona ngati zosatheka. François Arago anapita kukayesa, ndipo kadonthoko anakapeza.

Mipata iwiri, kwa amene ali ndi dzanja lodekha

Detsani kachidutswa ka galasi ndi mwaye wa kandulo kapena koloboyi mpaka kuwala kusadutse. Phatikizani malezala awiri, muwamange ndi selotepi, mukoke mzere umodzi pamwayepo motsatira rula, kamodzi kokha osabwereza. Patsala timipata tiwiri toyandikana kwambiri. Walitsanipo laser monga munachitira ndi tsitsi. Pakhoma paoneka timadontho totalikirana mofanana, ndipo ngati timipata tatalikirana mamilimita 0.2, pa mamita atatu timadonthoti tikhala pafupifupi sentimita imodzi kuchoka pa kena kufika pa kena. Kokani mizere ingapo pagalasi lomwelo, chifukwa yambiri imatuluka yokhota kapena yophatikizana, ndipo musankhe wabwino. Mukakwanitsa kutchinga mpata umodzi ndi m'mphepete mwa lezala, timadontho timasungunuka n'kukhala mzere umodzi wotambalala, ndipo malo amene anali akuda amawala. Mwatseka khomo limodzi, kuwala n'kufika pamene sikunkafika.

CD: kuyeza funde lenilenilo

Pa tsitsi tinakhulupirira nambala ya pa kapepala. Tsopano tiiyese. Pansi pa CD pali tinjira tozungulira totalikirana nanomita 1,600, kutanthauza tinjira 625 pa milimita iliyonse. Utawaleza umene mumauona pa CD suchokera ku utoto. Ndi tinjirati tikumwaza mtundu uliwonse wa kuwala kumbali yakeyake.

Tengani katoni yaikulu, mubowole kabowo pakati, laser iwalire pa kabowoko kuchokera kuseri. Imikani CD masentimita 50 kutsogolo, mbali yonyezimira itayang'ana katoni. Kuwala kugunde CD kumanja kapena kumanzere kwa bowo lake lapakati, pa msinkhu wofanana nalo, kuti madontho agone chopingasa. Tembenuzani CD pang'onopang'ono mpaka dontho lobwerera lapakati ligwere pa kabowo ka laser pomwepo. Kumanja ndi kumanzere muona madontho ena awiri, lililonse pafupifupi masentimita 22 kuchoka pakati.

Yezani mitunda iwiri: kuchoka pa kabowo kufika pa dontho lam'mbali, ndi kuchoka pamene laser yagunda CD kufika pa dontho lomwelo. Wachiwiriwu yezani ndi ulusi laser itazimitsidwa, dontho mutalichonga kale. Gawani woyamba ndi wachiwiri, muchulukitse ndi 1,600. Mwachitsanzo 22 kugawa ndi 54.6 ndi 0.403, kuchulukitsa ndi 1,600 ndi 645. Kapepala kanati 650. Lembani nambala yanu, tiifuna kutsogoloku. Mukayesa ndi DVD madontho atalikira kwambiri, chifukwa tinjira take ndi tothinana, nanomita 740.

Diso la munthu limaona mafunde a pakati pa 400 ndi 700 nm, mongoyerekeza. Ofiira ndiwo aatali, obiriwira ali pakati cha m'ma 530, abuluu cha m'ma 460. Kupitirira kufiira kuli infrared, ndipo kuseri kwa buluu ndi pepo kuli ultraviolet. Lozetsani rimoti ya TV ku kamera ya foni, makamaka yakutsogolo, mudine batani: m'mafoni ambiri muona kanyale kakuthwanima kamene diso silikaona, ka funde la 940 nm. James Clerk Maxwell anasonyeza mu 1865 kuti onsewa ndi mafunde a magetsi ndi maginito, othamanga pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 nkhani inkaoneka ngati yatha, mafunde apambana.

Korona yowala mumdima

Sinathe. Ikani korona kapena tinyenyezi tija m'chitini chotseka usiku wonse kuti kuwala kwake kutheretu. Mutsegulire mumdima, maso anu atakhala mumdimamo kwa mphindi zisanu.

Lunjikani laser yofiira pa mkanda umodzi kwa mphindi yathunthu. Zimitsani. Mkandawo uli bii ngati anzake. Tsopano tengani ka LED kabuluu, kaja kofooka ka pa laitala kapena chaja, muunikire mkanda wina kwa masekondi asanu okha. Zimitsani. Mkandawo ukuwala mobiriwira. Kaunikireni mkanda wachitatu muli patali ndithu, kuwala kukufika kochepa: uwalabe, mozilala. Ngati mungabwereke kanyale ka ultraviolet kamene a m'mashopu amaunikira ndalama, muona mkanda ukuyaka kwambiri, koma kanyale kameneko musakayang'ane mwachindunji. Tochi ya foni nayo imagwira, poti kuwala kwake koyera kuli ndi buluu wambiri mkati.

Taganizirani bwino zimene mwaonazi. Dontho la laser ndi lowala kwambiri kuposa ka LED, lothobwa m'maso, ndipo munalipatsa nthawi yaitali. Kukanakhala kuti kuwala kumangothira mphamvu mosalekeza, ndiye kuti kuwala kwambiri kwa nthawi yaitali kukanapambana. Koma chapambana ndi mtundu. Zili ngati kugenda mango: mungaponye mchenga manja khumi, bango silithothoka, chifukwa kamchenga kalikonse kamafika pakokha ndipo n'kopepuka, koma mwala umodzi wolemera bwino umaligwetsa. Mu mkandamo muli maelekitironi, tizidutswa tating'onoting'ono tonyamula magetsi, ofunika kukankhidwa ndi mphamvu ya mlingo wakutiwakuti kuti akwere pamalo pamene amakodwa, n'kumatsika pang'onopang'ono akutulutsa kuwala kobiriwira kuja. Elekitironi iliyonse imalandira phukusi limodzi la kuwala pa nthawi imodzi. Phukusi lofiira silikwana, ndipo kuchuluka kwa maphukusi osakwana sikusintha kanthu.

Phukusi limeneli ndilo fotoni. Max Planck anayamba kulankhula za mphamvu yobwera m'timagawo mu 1900, ndipo mu 1905 Albert Einstein ananena molimba mtima kuti kuwala kwenikweniko kumayenda ndi kumezedwa m'timagawo totere. Ankafotokoza chinthu chimene Heinrich Hertz anachiona mu 1887 ndipo Philipp Lenard anachifufuza mu 1902: kuwala kukagunda chitsulo kumatulutsa maelekitironi, koma liwiro lawo silidalira kuchuluka kwa kuwalako. Einstein anati lidalira mtundu. Robert Millikan wa ku America sanakhulupirire, anatha zaka pafupifupi khumi akuyeza, ndipo zotsatira zimene anasindikiza mu 1916 zinagwirizana ndi masamu a Einstein. Mphoto ya Nobel ya 1921 Einstein anailandira makamaka chifukwa cha ntchito imeneyi. Dzina lakuti fotoni linabwera pambuyo, mu 1926, kuchokera kwa Gilbert Lewis.

Lamulo lake ndi lalifupi: funde likafupika, fotoni imakhala yamphamvu. Gawani 1,240 ndi kutalika kwa funde m'mananomita, mupeza mphamvu ya fotoni imodzi mu muyezo wotchedwa eV. Yofiira ya 650 ili ndi 1.9. Yabuluu ya 460 ili ndi 2.7. Ya ultraviolet ya 300 ili ndi 4.1.

Nambala yomalizayi ili ndi nkhani ya moyo. Munthu akhoza kuotha moto usiku wonse osapsa khungu mmene dzuwa limapsereza, chifukwa mafotoni a moto ndi ofooka, amangotenthetsa. Mafotoni a ultraviolet ochokera kudzuwa, iliyonse payokha, ali ndi mphamvu yokwanira kuononga DNA m'maselo a khungu. N'chifukwa chake abale athu achialubino amafunika chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ngakhale tsiku lozizira la mu June. Kuzizira kwa mphepo sikuchepetsa mphamvu ya fotoni.

Ma LED: kuyeza phukusilo

Ka LED kamachita zosiyana ndi mkanda uja. Elekitironi imatsika, n'kutulutsa fotoni imodzi. Kuti itsike iyenera kukwezedwa kaye ndi batire, ndipo volt imodzi imapatsa elekitironi iliyonse 1 eV. Ndiye ngati nkhani ya maphukusi ndi yoona, kabuluu kayenera kufuna ma volt ambiri kuposa kofiira kasanayambe kuyaka.

Lumikizani mabatire awiri motsatizana, apereke 3 V. Chopotokola cha voliyumu chili ndi miyendo itatu: yam'mbali iwiri ipite ku mbali ziwiri za mabatire. Kuchoka pa mwendo wapakati, dutsani mu resistor, mufike pa mwendo wautali wa LED. Mwendo waufupi ubwerere ku mbali ya minus. Resistor musaisiye, popanda iyo kofiira kapsa mukapotokola mpaka kumapeto. Multimeter muiike pa ma volt a DC, nsonga zake zigwire miyendo iwiri ya LED.

Pindani pepala lakuda likhale kapaipi, muvundikire LED, muyang'anire m'kapaipimo. Yambani chopotokola chili pansi, muzikweza pang'onopang'ono, ndipo mnzanu awerenge nambala pamene mwangoona kuwala koyamba. Bwerezani kangapo. Kofiira kamayamba pakati pa 1.5 ndi 1.8 V, kabuluu pakati pa 2.3 ndi 2.7 V. Kachikasu ndi kobiriwira timagwera pakati pa awiriwa. Koyera musakawerengere, chifukwa mkati mwake ndi kabuluu kopakidwa mankhwala achikasu pamwamba. LED yabuluu yowala bwino inavuta kupanga kwa zaka zambiri, ndipo Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira Nobel ya 2014 chifukwa choikwanitsa. Mababu a sola amene afika m'midzi yathu ndi zipatso za ntchito imeneyo.

Tsopano bweretsani nambala ya pa CD ija. Munayeza funde lofiira ndi tepi ya telala n'kupeza 645, ndipo 1,240 kugawa ndi 645 ndi 1.9. Ka LED kofiira, kamene mtundu wake uli pafupi ndi wa laser, kayaka ma volt atayandikira nambala yomweyo. Muyezo wina unachokera ku kufafanizana kwa mafunde pakatoni, wina ku kuwerenga mphamvu ya elekitironi imodzi, ndipo akumana. Ma volt anu akhala otsikirapo pang'ono, ndipo musawakonze kuti afanane: kutentha kwa m'chipinda kumathandiza maelekitironi ena kukwera, ndipo diso lozolowera mdima limaona msanga. Chimene chimalumikiza miyezo iwiriyi ndi nambala ya Planck, 6.626 × 10⁻³⁴, imene yabisala mu 1,240 muja.

Musanamasule zipangizo, chotsani mabatire, mulumikize ka LED kabuluu ku multimeter kokha. Kawalitseni ndi laser yofiira: nambala siisuntha kwenikweni. Katulutseni padzuwa kapena mukaunikire ndi ultraviolet: nambala ikwera. Kasanduka sola yaing'ono yosankha mtundu. Sola ya padenga imagwira ntchito chimodzimodzi, koma silicon yake imangofuna 1.1 eV, choncho imalandira mitundu yonse yooneka ndi infrared wina.

Ndinene mosabisa kuti korona ndi ma LED zikusonyeza kuti mphamvu ya kuwala imaperekedwa ndi kulandiridwa m'timagawo todalira mtundu. Umboni wakuti fotoni imodzi siigawika pakati unafuna zipangizo za labotale. Mu 1923 Arthur Compton anasonyeza ma X-ray akugundana ndi maelekitironi ngati tizidutswa, ndipo mu 1986 ku Orsay, ku France, Philippe Grangier, Gérard Roger ndi Alain Aspect anatumiza mafotoni imodziimodzi pa galasi logawa kuwala pakati. Iliyonse inkapezeka mbali imodzi yokha. Atalumikizanso njira ziwirizo, kufafanizana kwa mafunde kunaonekera.

Funso limene wophunzira wakuthwa adzafunsa

Adzati: ngati laser ikutulutsa maphukusi, bwanji pakhoma tikuona timizere tosalala osati timadontho? Muwerengetse naye. Fotoni yofiira imodzi ili ndi mphamvu pafupifupi 3 × 10⁻¹⁹ ya joule (muyezo wina wa mphamvu), ndipo laser ya 1 mW imatulutsa 0.001 ya joule pa sekondi. Kugawa, tipeza mafotoni opitirira 3,000,000,000,000,000 pa sekondi iliyonse. Diso silingawalekanitse.

Adzafunsanso: mwina mafotoniwo akugundana okhaokha ndiye n'kupanga timizere? Geoffrey Ingram Taylor anayesa zimenezi ku Cambridge mu 1909. Anachepetsa kuwala ndi magalasi odetsedwa ndi utsi mpaka kunatsala kochepetsetsa, n'kujambula mthunzi wa singano. Chithunzi china chinatenga pafupifupi miyezi itatu, ndipo timizere tinatuluka chimodzimodzi. Makamera a masiku ano otha kugwira fotoni imodziimodzi amaonetsa mmene zimachitikira: kadontho apa, kadontho apo, ngati mwachisawawa, koma akachuluka amaunjikana pa timizere towala ndipo malo akuda aja amakhalabe opanda kanthu.

Choncho pomuyankha wophunzirayo, musamuuze kuti kuwala nthawi zina kumakhala funde nthawi zina kachidutswa, ngati kumasintha malaya. Muuzeni zimene zimayezedwa. Funde ndilo limatiuza kuti mwayi wopeza fotoni ndi waukulu pati ndipo ndi wochepa pati, ndipo kuti tiuwerengetse tiyenera kuphatikiza njira zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere kwa tsitsi. Koma ikafika pakhoma, fotoni imamezedwa yonse pamalo amodzi. Mukaika chipangizo choti chidziwe mbali imene yadutsa, timizere timatha, monga zinathera kwa Young atatchinga mbali imodzi ya khadi. Akafunsa kuti nanga fotoniyo inali kuti isanafike pakhoma, muuzeni zoona, kuti masamu amalosera zotsatira molondola kwambiri koma akatswiri amasiyanabe pa tanthauzo lake.

Ndipo akafuna kupitirira, muuzeni za Louis de Broglie, amene mu 1924 anatembenuza funsoli n'kunena kuti ngati mafunde a kuwala ali ndi khalidwe la tizidutswa, maelekitironi nawo ayenera kukhala ndi khalidwe la mafunde. Clinton Davisson ndi Lester Germer anazitsimikiza mu 1927 ndi chitsulo cha nickel, ndipo mu 1989 gulu la Akira Tonomura ku kampani ya Hitachi ku Japan linajambula maelekitironi akufika imodziimodzi, atadutsa mbali ziwiri za kawaya kopyapyala zedi, mpaka madontho awo anapanga timizere.